KUSANKHA KAMISOLO YOKUKWANANI

Lero tikambirana za chovala chimene ambiri timachita manyazi kuchitchula pagulu. Chovalachi ndi kamisolo, ena amati bra. Tisachite manyazi, tili tokhatokha.

Ambiri a ife tikapita kumsika timangotola kamisolo pa mulu wa kaunjika. Timaiyang'ana, n'kunena kuti, "Iyi indikwana." Tikafika kunyumba tipeza kuti yathina kapena yakula. Wogulitsa sabweza ndalama. Ndiye timaivala choncho, mapewa akupweteka, nthiti zikuwawa. Ndalama yatayika, thupi nalo likuvutika.

Koma tsopano inu mukudziwa kuwerenga. Pa kamisolo iliyonse pamakhala kansalu kakang'ono kolembedwa nambala ndi chilembo, monga 36B kapena 80B. Kale tinkangokadutsa. Lero tiphunzira tanthauzo lake.

NAMBALA NDI CHILEMBO

Nambala imanena kutalika kwa lamba, uja amazungulira nthiti kunsi kwa mabere. Chilembo chimanena kukula kwa malo amene bere limakhalamo. Ogulitsa amati kapu. Kapu ya A ndi yaing'ono. Ya B ndi yokulirapo. Kenaka pamabwera C, D ndi zina zazikulu.

KUDZIYEZA

Bwerekani tepi yoyezera kwa atelala. Yang'anani mbali ya masentimita. Pemphani mnzanu akuthandizeni. Imani mowongoka, manja ali pansi.

Poyamba, zungulizani tepi kunsi kwenikweni kwa mabere. Tepi igwire thupi bwino, isalendewere kumsana. Lembani nambalayo.

Kachiwiri, zungulizani tepi pamwamba pa mabere, podzera pa nsonga. Apa musakoke kwambiri. Lembaninso nambalayo.

Kachitatu, chotserani nambala yoyamba pa yachiwiri. Masamu aja tinaphunzira agwira ntchito pano.

Zotsala zikakhala masentimita 12 mpaka 14, kapu yanu ndi A.
Zikakhala 14 mpaka 16, ndi B.
Zikakhala 16 mpaka 18, ndi C.
Zikakhala 18 mpaka 20, ndi D.

Nachi chitsanzo. Mayi wina wapeza 80 kunsi kwa mabere ndi 95 pamwamba. Tikachotsa 80 pa 95 patsala 15. Saizi yake ndi 80B. Nambala za lamba zimadumpha zisanuzisanu: 70, 75, 80, 85. Mukapeza 78 kapena 82, tengani ya pafupi, imene ndi 80.

NAMBALA ZA MAIKO ENA

Zovala za kaunjika zimachokera maiko osiyanasiyana. Maiko ambiri a ku Ulaya amalemba masentimita. Koma ku Britain, ku America ndi ku South Africa amalemba nambala zina. Zimagwirizana motere:

70 ndi chimodzimodzi 32
75 ndi chimodzimodzi 34
80 ndi chimodzimodzi 36
85 ndi chimodzimodzi 38
90 ndi chimodzimodzi 40

Choncho mayi uja akhoza kugula 80B kapena 36B. Lembani saizi yanu pa kapepala. Kakhale m'chikwama tsiku la msika.

KUYESA

Nambala imangokusonyezani poyambira. Mafakitale sasoka mofanana, ndipo kamisolo yogwirapo ntchito imakhala itatamuka. Ngati n'kotheka, iyeseni musanapereke ndalama, ngakhale pamwamba pa bulauzi. Onani zinthu izi:

1. Lamba akhale mowongoka kuzungulira thupi. Akamakwera kumsana, ndiye kuti wakula. Tengani nambala yocheperapo.
2. Zala ziwiri zilowe kunsi kwa lamba. Zikakanika, wathina.
3. Bere lonse lilowe m'kapu. Likamatulukira pamwamba kapena cha kukhwapa, kapu yachepa. Nsalu ikamachita makwinya, kapu yakula.
4. Pakati pa kamisolo pagunde chifuwa.
5. Zingwe zisalowe m'mapewa. Amene amanyamula mabere kwenikweni ndi lamba, osati zingwe.
6. Kwezani manja m'mwamba, kenaka weramani ngati mukutola nkhuni. Kamisolo yabwino sisuntha.

Pogula, kolani timbedza takumapeto, pamene lamba amakhala womasuka. Lasitiki akadzatamuka mudzasunthira mkati. Mukatero kamisolo idzakhalitsa.

Dziwaninso ichi: mukachepetsa nambala ya lamba, kwezani chilembo. Ngati kapu ya 36B ikukukwanani koma lamba wakula, funani 34C.

THUPI LIMASINTHA

Amayi ambiri bere limodzi limakhala lokulirapo kuposa linzake. Si matenda ayi. Sankhani kapu yokwana bere lalikululo.

Mukakhala oyembekezera kapena mukuyamwitsa, mabere amakula. Dziyezeninso. Kamisolo yothina imafinya njira za mkaka, bere n'kutupa ndi kuwawa, mwana n'kumavutika kuyamwa. Dziyezeninso mukanenepa kapena mukaonda.

Ena amati kamisolo imayambitsa khansa. Zimenezo si zoona. Koma povala kapena posamba mukamva chotupa m'bere kapena kukhwapa, musadikire. Pitani kuchipatala msanga.

KUSAMALA KAMISOLO

Ya kaunjika ichapeni ndi sopo musanaivale, ndipo iume bwinobwino. Chapani ndi manja. Musaimenyetse pamwala, musaipotokole, chifukwa lasitiki amatha msanga. Ngati mungathe, khalani nazo ziwiri, muzisinthanitsa.

Amayi anzanga, sabata yamawa aliyense abwere ndi kapepala ka nambala zake ziwiri. Tidzathandizana kuwerengera. Mukaphunzitsenso atsikana anu kunyumba.

MAFUNSO OKAMBIRANA

1. Kodi pa 38C, nambala ikunena chiyani? Nanga chilembo?
2. Mayi wapeza 85 kunsi ndi 102 pamwamba. Saizi yake ndi iti?
3. Lamba akamakwera kumsana, vuto n'chiyani?