Tiyambe kulemba za mtsinje wathu: zomwe ndinayankhula pa msonkhano wa Loweruka

Mphindi zanga ndi zochepa, ndiye ndingolunjika pa nkhani.

Funso langa ndi ili: madzi a mumtsinje wa Lilongwe ali bwino lero kuposa zaka 10 zapitazo, kapena aipiraipira? Ndikudziwa kuti ambiri muyankha kuti aipa. Chabwino. Nanga nditati mundionetse umboni, mutulutsa chiyani? Agogo anena kuti kale ankawedzamo nsomba, amalume anena kuti ankasambiramo ali anyamata. Sakunama ayi, koma zimenezo ndi zokumbukira chabe. Mukapita nazo kwa akuluakulu a boma kapena kwa mwini fakitale, akufunsani kuti munaona liti, pamalo ati, ndipo zinali zochuluka bwanji. Pamenepo timangoti kakasi.

Tiyambe taudziwa mtsinjewo. Umachokera ku mapiri a Dzalanyama, kumalire ndi Mozambique. Ukafika ku Malingunde madzi ake amasungidwa m'madamu awiri, Kamuzu Dam I ndi Kamuzu Dam II. Kuchoka apo amatsika ndi mtsinje womwewo, kudutsa m'minda ndi m'midzi, mpaka pamene a Lilongwe Water Board amawapopa n'kuwayeretsa ku Area 3. Madzi amene mwamwera tiyi m'mawa uno anayenda ulendo umenewo. Kenako mtsinje umalowa m'tawuni, kudutsa pamsika waukulu paja pali timilatho tamitengo, n'kukumana ndi Lingadzi wathuyu amene amadutsa ku Mtandire. Kumunsi kwa tawuni umalandiranso madzi ochokera kumalo oyeretsera zonyansa za m'suweji ku Kauma. Pomaliza umathira mu Linthipe, ndipo Linthipe amakathira m'nyanja ya Malawi ku Salima. Ndiye thewera la mwana limene munthu waponya mu Lingadzi silithera pompo. Kumunsi kuli mayi amene akutsukira mbale m'madzi omwewo, kuli mlimi wa dimba amene akuthirira masamba oti adzatigulitse ife tomwe.

Kodi akatswiri akati akuyeza madzi amayeza chiyani? Nditchula zinthu zisanu zokha. Choyamba ndi kuvunduka, kutanthauza kuchuluka kwa matope. Mitengo ikamatha ku Dzalanyama chifukwa cha makala, dothi limakokolokera mumtsinje, damu limadzaza mchenga, ndipo pamafunika mankhwala ambiri kuti madzi ayere. Chachiwiri ndi pH, imene imasonyeza ngati madzi ali ndi asidi wambiri kapena ayi. Madzi akumwa amayenera kukhala pakati pa 6.5 ndi 8.5. Chachitatu ndi mpweya wa okosijeni umene uli m'madzimo. Zinyalala zikamaola zimamaliza mpweyawu, nsomba n'kufa. Chachinayi ndi nitrate, amene amachokera ku feteleza ndi ku zimbudzi; bungwe la WHO limati asapitirire mamiligalamu 50 pa lita imodzi. Chachisanu ndi tizilombo totchedwa E. coli, timene timasonyeza kuti m'madzimo mwalowa chimbudzi. Pa madzi akumwa lamulo lake ndi losavuta: mu mamililita 100 musapezeke ngakhale kamodzi.

Tsopano mvetserani apa, chifukwa mtima wa nkhani yanga uli pano. Kuyeza kamodzi sikukuuza chilichonse. Mu Januwale mtsinje umakhala wofiira ndi matope, koma madzi amakhala ambiri moti zonyansa zimasukuluka. Mu Okutobala madzi amaoneka oyera, koma ndi ochepa, ndiye chilichonse chothiridwamo chimakhala champhamvu. Munthu woyeza mu Januwale yekha ndi mnzake woyeza mu Okutobala yekha akhoza kukangana mpaka dzuwa kulowa, onse akunena zoona. Kuti udziwe komwe mtsinje ukulowera, uyenera kuyeza pamalo omwewo, mwa njira yomweyo, mwezi ndi mwezi, kwa zaka zambiri. Zili ngati khadi la kusikelo. Sikelo ya tsiku limodzi sikuuza ngati mwana akukula bwino. Anamwino amayang'ana mzere wonse, ngati ukukwera kapena ukutsika.

Mwina wina akuti, aise, imeneyo ndi ntchito ya boma. Inde ndi yawo. Lamulo la za madzi la 2013 linakhazikitsa National Water Resources Authority kuti iziyang'anira mitsinje ndi kupereka zilolezo. Malawi Bureau of Standards ndi imene imaika miyezo ya madzi akumwa. Unduna woona za madzi uli ndi labotale yake konkuno ku Lilongwe. Koma mitsinje m'dziko muno ndi yambirimbiri, ndipo wogwira ntchito mu ofesi sangaime pa mlatho wa Lingadzi sabata iliyonse. Amene timadutsapo tsiku ndi tsiku ndife.

Ndipo ife a ku 18 sitifunika kuuzidwa kuti madzi oipa ndi chiyani. Mu Julaye 2017, ambiri a ife tili ku pulayimale, madzi a m'mipope m'nyumba zina kuno anasakanikirana ndi zonyansa za m'suweji, nkhani inafika mpaka kukhoti. Anthu anazindikira ndi fungo komanso maonekedwe a madziwo, pamene ena anali atamwa kale. Kumbukiraninso kolera amene anayamba mu Marichi 2022. Anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo mu Januwale 2023 sukulu za mumzinda wa Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulira. Mphuno imachenjeza mochedwa, abale anga.

Musaganize kuti mtsinje ukaipa waipiratu. Mtsinje wa Thames ku London unafika poti mu 1957 akatswiri ananena kuti mbali ina yake inali yakufa, yopanda mpweya woti nsomba n'kukhalamo. Anakonza masuweji awo, anakhwimitsa malamulo, anapitiriza kuyeza chaka ndi chaka, ndipo lero muli nsomba zamitundumitundu. Anadziwa bwanji kuti zimene akuchita zikuthandiza? Anali ndi zolemba zoyerekezera.

Ndiye pempho langa ku kalabu ndi ili. Tigule hadikava imodzi. Tisankhe malo awiri pa Lingadzi, ena kumtunda, ena kumunsi. Loweruka loyamba la mwezi uliwonse, nthawi yomweyo ya m'mawa, anthu atatu azipita kukalemba: deti, ngati kwagwa mvula, mtundu wa madzi, fungo, thovu kapena mafuta, zinyalala zimene zilipo, ndi pamene madzi akulekeza pa mwala kapena pa chipilala cha mlatho. Azijambula chithunzi ataima pamalo omwewo. Za matope tikhoza kuyeza ndi botolo lalitali loonekera mkati: tijambule mtanda wakuda pansi pake, tizithira madzi pang'onopang'ono mpaka mtandawo usaonekenso, kenako tiyeze masentimita ndi rula.

Palinso njira ina yochokera ku South Africa yotchedwa miniSASS, imene ana asukulu amagwiritsa ntchito. Umavundukula miyala n'kuona tamoyo timene tikukhala pansi pake. Ukapeza mitundu yambiri, monga nkhanu ndi ana a tombolombo, ndi chizindikiro chabwinoko. Ukangopeza misundu ndi tinyongolotsi tokhatokha, dziwa kuti madziwo ali pamavuto. Tamoyo timeneti timakhala m'madzimo usana ndi usiku, choncho timaulula ngakhale zimene zinathiridwa ife tili mtulo.

Ndinene poyera: hadikava yathu sidzaona E. coli. Zimenezo zimafuna labotale, ndipo madzi oyera m'maso akhoza kukhala ndi matenda. Ndiye palibe kulawa, palibe kulowa mumtsinje nthawi ya dzinja, tizivala magolovesi, ndipo tikabwerako tizisamba m'manja ndi sopo. Lingadzi akadzaza sacheza, a ku Mtandire akhoza kutiuza.

Miyezi itatu yoyamba zizioneka ngati zopanda pake. Ena azitiseka kuti mafana awa asowa chochita. Asiyeni. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha. Pakatha zaka 2 tidzakhala ndi masamba 24 pa malo alionse, ndipo tsiku limene madzi adzasinthe mwadzidzidzi tidzapita kwa khansala kapena ku ofesi yoona za chilengedwe tili ndi deti, malo ndi chithunzi m'manja. Ena a ife tidzapita ku koleji, ena ku ntchito, koma buku lidzatsala ndi achimwene ndi achemwali athu ang'onoang'ono amene akubwera m'mbuyomu.

Ndikufuna anthu 6 oti tiyambe nawo mwezi wamawa. Amene mwakonzeka lembetsani kwa alembi tisanabalalike, ndipo amene mukuwerenga izi pafoni tiuzeni pa gulu lathu la WhatsApp.