Mpamba umatsata amene wayamba kale

Mwandipempha kuti ndifotokoze m'mene ndidapezera mpamba wa bizinesi yanga ya nkhuku. Ndiyamba ndi m'mene ndidaberedwera.

Kumudzi kwathu kudabwera bambo wina wovala tayi, amvekere bungwe lake likupereka ndalama kwa achinyamata, koma aliyense alipire kaye ya fomu. Ine ndidagulitsa thumba la chimanga n'kulipira. Mpaka lero bamboyo sitidamuonenso. Anzanga, wofunadi kukuthandizani sayamba ndi kukupemphani ndalama. Ndipo inu atsikana, wina akati mugone naye kuti akulembeni dzina, ameneyo ndi wakuba moyo wanu. Kamuneneni kwa amfumu kapena kupolisi.

Chachiwiri, tizisiyanitsa ngongole ndi thandizo losabweza. Ndalama za matumba aboma, monga la achinyamata la YEDEF lomwe lidakhazikitsidwa mu 2010, zidali ngongole, osati mphatso. Musanasaine, funsani mafunso atatu: chiwongoladzanja ndi zingati, ndiyamba liti kubweza, nanga ndikalephera mudzandilanda chiyani?

Ine nditapusitsidwa, ndidalowa banki mkhonde. Sabata iliyonse ndinkaponya kangachepe kochokera ku maganyu. Kenako ndidakongola pang'ono, n'kugula anapiye ndi chakudya chawo. Ndidagulanso kope la sukulu. M'kopemo ndinkalemba zonse: zogula, zogulitsa, ngakhale nkhuku zakufa ndi chitopa.

Kalabu yathu itakalembetsa ku ofesi ya achinyamata ya pa boma, tidayamba kumva msanga za mwayi wosiyanasiyana. Bungwe lina litabwera kudzafuna achinyamata oti liwathandize, ambiri adangoti "tikufuna mpamba". Ine ndidatulutsa kope lija, n'kuwaonetsa khola. Adaona okha kuti ndikusowa katemera ndi malata. Adandisankha chifukwa cha kope, osati chifukwa chodziwana ndi munthu.

Ndiye mukachoka pano chitani izi. Lembetsani kalabu yanu, ndipo muzidziwika ku komiti ya chitukuko ya m'mudzi ndi ya dera. Lembani ndondomeko ya bizinesi pa tsamba limodzi: mugulitsa chiyani, kwa ndani, pakufunika ndalama zingati, phindu lidzakhala lotani. Amene mungapeze intaneti, dziwani kuti bungwe la Tony Elumelu Foundation la ku Nigeria, kuyambira mu 2015, lakhala likupereka madola 5,000 osabweza kwa osankhidwa ochokera m'maiko onse a mu Africa. Kufunsira n'kwaulere, koma opikisana ndi ochuluka zedi, choncho musasiye bizinesi n'kumadikira.

Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno. Yambani ndi nkhuku ziwiri zomwe muli nazozo, ndipo mawa mugule kope.