Khola la Udzu

Kuno ku Linda nyali za Khrisimasi zayamba kuthwanima m'mashopu, ndipo ana akulirira kuti tiwagulire. Ambirife ndalama tilibe, mtima ukuwawa.

Tili ana ku Msoro m'ma 1970, tinkakongoletsa tchalitchi ndi masamba a mango, maluwa akutchire ndi mapepala a makope akale omata ndi phala. Khola la Yesu tinkamanga ndi udzu, nkhosa n'kuumba ndi dothi. Amayi ankaphika mpunga ndi nkhuku.

Pa Luka 2:7 timamva kuti Mwanayo anagonekedwa modyera ng'ombe. Tisatenge kaloba chifukwa cha nyali, Januwale akubwera ndi mayunifomu ndi makope. Tikhale pansi ndi ana, timange nawo khola. Chimenecho adzachikumbukira mpaka imvi.

Ambuye akudalitseni.