Musanasinthe Sikimu ya Chipatala

Mawu amene anayankhulidwa pa msonkhano wa pachaka wa bungwe lathu



Ena mwa inu mukuyandikira zaka 60, msinkhu wopumira pa ntchito m'boma. Ku zipatala za boma monga Queen Elizabeth ndi Kamuzu Central thandizo ndi laulere, koma mankhwala akasowa timathamangira ku zipatala za mishoni kapena zapulayiveti, kumene amalipiritsa. N'chifukwa chake ambiri tili pa sikimu ya chipatala monga ya MASM.

Penshoni ikayamba kuperewera, munthu amaganiza zosamukira ku sikimu yotchipa. Apa m'pofunika kufatsa. Kwatsopanoko amakutengani ngati mlendo. Amafunsa zaka zanu ndi matenda amene muli nawo kale, monga BP ndi shuga. Kawirikawiri amakuikirani miyezi yodikira, ndipo pa nthawi imeneyo mumasonkha mwezi uliwonse koma matenda akalewo mumalipirira nokha.

Choncho musanasayine funsani mafunso atatu. Kodi ndidikira miyezi ingati? Kodi mankhwala amene ndimamwa tsiku ndi tsiku alimo? Nanga pa bilu ya chipatala ndiziwonjezera zingati za m'thumba mwanga? Mayankho onse akupatseni olembedwa. Funsaninso kumene muliko ngati angakutsitsireni pa pulani yotsika mtengo popanda kuyambanso kudikira.

Koposa zonse, musatuluke mu sikimu yakale musanalandire kalata yokuvomerani kwatsopanoko. Akuluakulu anati safunsa anadya phula.