Makutu Khumi ndi Awiri: Kodi Angagulidwe?

M'midzi ya ku Chikwawa, kuyambira kwa Lundu mpaka kwa Ngabu, nyakwaŵa sagamula mlandu yekha. Ng'ombe zikadya thonje la mwini, akuluakulu amakhala pansi pa mtengo, namvetsera mbali zonse ziŵiri, kenaka mfumu nkumanga mfundo. Paja mutu umodzi susenza denga.

Nzeru yomweyi ilipo m'malamulo a Chingerezi. Pa milandu ikuluikulu amasankha anthu wamba, kaŵirikaŵiri 12, kuti amve umboni ndi kunena ngati munthu walakwa kapena ayi. Gulu limeneli amalitcha jury.

Ku America kudabuka akatswiri a ntchito yachilendo: kufufuza mitima ya oweruza wambawo mlandu usanayambe. Chiyambi chake chimatchulidwa pa mlandu wa mu 1972 mumzinda wa Harrisburg, pamene anthu 7 otsutsa nkhondo ya ku Vietnam adazengedwa. Jay Schulman ndi anzake adafunsa nzika zambiri za deralo zaka zawo, mpingo wawo ndi maganizo awo, nalangiza maloya za anthu oyenera kuwakana posankha. Oweruzawo sadamvane pa milandu ikuluikulu, ndipo boma silidaubwerezenso.

Lero akatswiri otere amalemba ganyu anthu ofanana ndi oweruza enieni, nayeserera mlandu wonse pamaso pawo, kuti aone mboni imene ikukhulupirika ndi mawu amene akugwira mtima. Ntchitoyi imadya ndalama zambiri, motero woipeza msanga ndi wolemera.

Anthu a m'chigwa cha Shire amadziŵa kulemera kwa nkhaniyi. Mu May 1983, David Chiwanga, phungu wa ku Chikwawa, adaphedwa pamodzi ndi nduna zitatu, Dick Matenje, Aaron Gadama ndi Twaibu Sangala. Mitembo yawo idapezeka ku Thambani m'boma la Mwanza, ndipo boma lidalengeza kuti idali ngozi ya galimoto. M'zaka zimenezo milandu yakupha ndi youkira boma inkapita ku makhoti a mafumu, ndipo maloya sankaloledwa kuimira munthu kumeneko.

Koma mlandu suola. Ndale zitayamba kusintha mu 1993, makhoti aja adaleka kugwira ntchito. Mu 1995 Dr H. Kamuzu Banda, John Tembo ndi ena adazengedwa ku Bwalo Lalikulu ku Blantyre pamaso pa oweruza wamba, ndipo mu December chaka chomwecho oweruzawo adati oimbidwa mlandu sadalakwe. Ena adakondwa, ena adalira. Chodabwitsa chidali chakuti tsogolo la munthu amene adalamulira dziko zaka 30 lidali m'manja mwa nzika wamba.

Apa ndiye pagona nkhani. Mphamvu ya woweruza wamba ndi yakuti amabwera ndi makutu ake, osakonzedwa ndi munthu. Loya kukonza bwino umboni kuti umveke si tchimo ayi. Ngakhale pabwalo la kumudzi wodziŵa kuyala nkhani amapindula. Choopsa chimadza pamene cholinga chili kusankha makutu amene adagamula kale.

Choncho aliyense woitanidwa kukamva mlandu, kaya pansi pa mtengo kwa nyakwaŵa kaya m'khoti la boma, akumbukire kuti chibale, mantha ndi chuma zimatsala panja. Chimene chimaloŵa naye m'bwalo ndi makutu aŵiri, khutu limodzi la mbali iliyonse.