WAKUTSINA KHUTU NDI MNANSI: KUMVANA M'MAKAMPANI NDI M'MABUNGWE A MALONDA



Tapemphedwa kuti tikambeko mau pang'ono pa nkhani ya kumvana m'makampani ndi m'mabungwe a malonda. Ambiri a ife pano tili ndi kanchito kathu. Ena ali ndi sitolo, ena cigayo, ena magalimoto onyamula anthu ndi katundu, ena atsogolera makopaletivu a alimi, ndipo ena mwa ana athu ndi mamanijala m'makampani akuluakulu m'mizinda. Nkhani ino ikhudza onsewa.

Anthu akamakamba za kumvana pa nchito, kawirikawiri amaganizira za mau otsika, ndiko kuti malangizo ocokera kwa bwana kupita kwa anchito. Mau otsika sabvuta, pakuti amayenda okha ngati madzi a pa phiri. Obvuta ndi mau okwera, makamaka akakhala a uthenga woipa. Wanchito wa pansi ndiye amayamba kuona mng'alu pa cipupa, ndipo moyo wa kampani umadalira pa cinthu cimodzi: kuti mau ake afike kwa mwini nyumba nyumbayo isanagwe. Kuti tionetse zimenezi, titenga citsanzo ca makampani awiri opanga magalimoto a ku America, Ford ndi General Motors, amene malikulu ao ali moyandikana m'cigawo ca Michigan.

M'caka ca 2006 kampani ya Ford inali pa mabvuto aakulu, ndipo caka cimeneco inataya ndalama zoposa madola 12 biliyoni. Bambo Bill Ford, mmodzi wa zidzukulu za Henry Ford amene anayambitsa kampaniyo mu 1903, anaona kuti mtolo wawalemera. Motero m'mwezi wa September anatula udindo woyendetsa kampaniyo m'manja mwa Bambo Alan Mulally, amene anali atagwira nchito zaka 37 ku kampani yopanga ndege ya Boeing. Cimodzi mwa zinthu zoyamba zimene mlendoyu anakhazikitsa cinali msonkhano wa Lacinai lililonse m'mawa. Akulu onse a zigawo za kampani anayenera kupezekapo, ndipo aliyense anayenera kuonetsa mmene nchito zake zinali kuyendera mwa kuzipaka mitundu itatu. Cobiriwira cinatanthauza kuti zonse zili bwino, cacikasu kuti pali kabvuto koma njira yokonzera ikudziwika, ndipo cofiira kuti zinthu zaipa ndipo njira sinapezeke. Kunong'onezana pambali, kusewera ndi lamya ndi kuseka mnzako zinali zoletsedwa.

M'masabata oyamba malipoti onse anali obiriwira okhaokha. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Akuluakuluwo anali atazolowera kuti wobweretsa uthenga woipa ndiye amene amalangidwa, ndipo aliyense anali kuteteza mpando wake. Bambo Mulally anawafunsa kuti zingatheke bwanji kuti kampani yotaya mabiliyoni a madola ikhale yopanda bvuto ndi limodzi lomwe. Onse anangoti cete.

Panthawi imeneyo Ford inali pafupi kuyamba kugulitsa galimoto yatsopano yochedwa Edge, yopangidwa ku Oakville m'dziko la Canada. Akatswiri anapeza kuti citseko cake ca kumbuyo cinali ndi bvuto. Bambo Mark Fields, amene anali mkulu wa nchito za Ford m'maiko a ku America, analamula kuti magalimotowo asatumizidwe kwa ogulitsa, ndipo pa msonkhano wa Lacinai analimba mtima napaka nchitoyo cofiira. Anzao anaona ngati munthuyo wadzikumbira yekha manda. Koma Bambo Mulally anayamba kuomba m'manja, nafunsa kuti ndani angathandize. Pomwepo ena mwa akuluakuluwo analonjeza kutumiza akatswiri ao, ndipo bvutolo linakonzedwa.

Kwathu kuno wamng'ono ndiye amaombera m'manja wamkulu, posonyeza ulemu. Tsiku limenelo mkulu wa kampani yonse anaombera m'manja munthu wa pansi pake cifukwa conena coonadi cowawa. Anzao aja ataona kuti Bambo Fields sanacotsedwe nchito, m'masabata otsatira malipoti anadzala ndi zofiira ndi zacikasu. Mabvutowo analipo kale, koma tsopano anaonekera, ndipo cooneka ndico cimakonzeka. Mu 2009, pamene malonda a magalimoto anagwa, General Motors ndi Chrysler anapita ku khoti kukanena kuti alephera kulipira ngongole zao, ndipo Boma la America linawaombola ndi ndalama za misonkho. Ford sinafike pamenepo, ndipo caka comweco inapeza phindu la madola 2.7 biliyoni. N'zoona kuti ngongole yoposa madola 23 biliyoni imene inatenga kumapeto kwa 2006 inaithandiza kwambiri. Koma ndalama zimapita pamene pali bvuto pokhapokha ngati eni ake auzidwa pamene pali bvutolo. Bambo Fields aja ndiwo analowa m'malo mwa Bambo Mulally mu 2014.

Tsopano tiyeni tione za anansi ao a General Motors. M'magalimoto ena aang'ono a kampaniyi, monga Saturn Ion ndi Chevrolet Cobalt, kacipangizo kamene timalowetsamo kiyi poliza injini kanali kofooka. Kiyi ikalemedwa ndi makiyi ena, kapena ikagundidwa ndi bondo, inali kutembenuka yokha galimoto ili pa liwiro. Injini inali kuzima, ciongolero ndi mabuleki zinali kulimba, ndipo matumba a mpweya amene amafufuma pa ngozi kuti ateteze anthu sanali kufufuma. Akatswiri ena a kampaniyo anaona zizindikiro za bvutoli kuyambira mu 2001, ndiponso mu 2004. Koma analilemba ngati cinthu congosowetsa mtendere kwa wogula, osati coika moyo pa ngozi, motero silinafulumiridwe. Mu 2005 ogulitsa magalimoto anangouzidwa kuti azilangiza anthu kucotsa zolemera ku makiyi ao. Mu 2007 wapolisi wina wa pa mseu wa ku Wisconsin, atafufuza ngozi imene inapha atsikana awiri, analemba lipoti losonyeza kuti kutembenuka kwa kiyi kungakhale ndiko kunaletsa matumba aja kufufuma. Lipotilo linafika m'mafailo a kampani, koma akatswiri amene anali kufunafuna yankho lomwelo anakhala zaka zambiri osaliwerenga.

Magalimotowo anaitanidwa kuti akakonzedwe mu 2014, ndipo anali okwana pafupifupi 2.6 miliyoni. Mai Mary Barra, amene anali atangoyamba kumene kutsogolera kampaniyo, anapempha loya wina, Bambo Anton Valukas, kuti afufuze cimene cinacitika. Lipoti lao linasonyeza kuti kwa zaka zoposa 10 nkhaniyo inangozungulira m'makomiti osafika kwa akuluakulu a pamwamba. Linachulanso zizolowezi ziwiri za pa kampanipo. Cina cinali cakuti pa msonkhano onse anali kubvomera ndi mutu kuti cakuti cicitike, kenaka n'kutuluka popanda wocicita. Cina cinali cakuti munthu akafunsidwa, anali kuloza anzake kuti udindowo ndi wao. Zinadziwikanso kuti pa maphunziro ena a mu 2008 anchito analangizidwa kupewa mau ena polemba malipoti, ngakhale liu lakuti bvuto, ndi kugwiritsa nchito mau ozizira m'malo mwake. Anchito 15 anacotsedwa. Kampaniyo inabvomera kulipira cipepeso pa imfa za anthu 124, ndipo mu 2015 inalipira Boma madola 900 miliyoni. Kukonza kacipangizoko pa galimoto imodzi sikukanafika ndi dola imodzi yomwe.

Makampani onse awiriwa anali ndi anthu ophunzira, makompyuta, malamya ndi misonkhano yosawerengeka. Anasiyana pa cimene cinali kucitikira munthu wonena zoipa, ndiponso pa kumene mau ake anali kukathera. Pamenepa titolapo mfundo zinai zimene zingathandize ngakhale mwini cigayo cimodzi.

Coyamba, mtsogoleri ayang'anire nkhope yake pa tsiku limene wauzidwa zoipa. Mnyamata wa pa cigayo akanena kuti injini ikulira mwacilendo, ndipo bwana n'kumukalipira kapena kumudula malipiro, mnyamatayo waphunzira phunziro limodzi, lakuti mawa akhale cete. Anzake onse aphunziranso comweco. Bwanayo adzamva za injini yake tsiku limene idzaphulika. Makolo anati wakutsina khutu ndi mnansi.

Caciwiri, pakhale nthawi yoikika yofunsana, osadikira ngozi. Ulemu wathu ndi cinthu ca mtengo wapatali, koma umacititsa kuti wamng'ono aope kuyamba yekha nkhani yowawa pamaso pa wamkulu. Nthawi yokambirana ikakhala yodziwika, sabata ndi sabata, dalaivala anganene za matayala otha ndipo kalaliki wa kopaletivu anganene za anankafumbwe m'matumba a cimanga popanda kuoneka ngati wamwano. Mtsogoleri nayenso azifunsa funso lolunjika. Wofunsa kuti, "Zonse zili bwino?" amalandira yankho lakuti, "Inde bwana." Wofunsa kuti, "Sabata ino cabvuta n'ciani?" amalandira coonadi.

Cacitatu, cinthu cichulidwe ndi dzina lake, m'cinenero cimene womvayo amamva. Ndalama zikasowa, buku linene kuti ndalama zasowa, ndi kuculuka kwake. Mau ozungulira amasangalatsa khutu koma amacedwetsa mankhwala. Ndiponso m'dziko lathu lino makalata ambiri a nchito amalembedwa m'Cingelezi, pamene ogwira makina ndi mankhwala a m'munda ambiri amaganiza m'zinenero za makolo ao. Cenjezo limene wanchito sanalimve lili ngati silinaperekedwe. Manijala wanzeru amalifotokoza m'cinenero ca wanchitoyo, namupempha kuti alibwereze m'mau akeake.

Cacinai, cogwirizana ciliconse cikhale ndi mwini wake ndi tsiku lake. Kubvomera ndi mutu kuja kwa ku General Motors timakudziwa bwino m'makomiti athu. Msonkhano usathe mlembi asanalembe kuti wakuti adzacita cakuti pofika tsiku lakuti, ndipo msonkhano wotsatira uyambe ndi kuwerenga zomwezo. Wobweretsa dandaulo nayenso auzidwe cimene cacitika pa dandaulo lake, ngakhale yankho litakhala lakuti iai, pakuti munthu amene sayankhidwa amaleka kunena.

Kwa inu acinyamata amene muli pa nchito za eni, tikuti kubisa bvuto poopa bwana si ulemu ai. Nenani mofatsa, pa nthawi yake, ndi umboni m'manja. Kwa inu eni malonda ndi atsogoleri a mabungwe, tikupemphani kuti mukabwerera kwanu mukadzifunse kuti ndi liti pamene wanchito wanu anakuuzani komaliza cinthu cimene simunafune kumva. Ngati papita miyezi yambiri, musafulumire kukondwa kuti zonse zili bwino. Itanani anthu anu, khalani nao pansi, muwafunse, ndipo woyamba kunena zoipa mumuthokoze pamaso pa anzake. Mutu umodzi susenza denga.