Ndani Woyenera Kuvota pa Chisankho cha Khansala M'tauni Yathu?



Tikamva za chisankho, ambirife maganizo amathamangira kwa mtsogoleri wa dziko, kenaka kwa phungu wa Nyumba ya Malamulo. Pepala lachitatu lija, la khansala, timalilandira ngati choonjezera cha pamsika, ndipo ena amafika m'chipinda chovotera asakudziwa ngakhale dzina limodzi mwa anthu olembedwapo. Lero ndikufuna tikambirane za pepala limeneli, makamaka ife okhala m'matauni aang'ono monga Mangochi, Luchenza ndi Kasungu, kumene kuli makhonsolo akeake osiyana ndi khonsolo ya boma lonse.

Khonsolo ya tauni ndiyo imaika mtengo wa chiphaso chimene mayi wogulitsa usipa amadula pamsika m'mawa uliwonse. Ndiyo imayang'anira zinyalala, ngalande, malo okwerera basi, malo ophera nyama, manda ndiponso msonkho wa nyumba. Imavomereza mapulani a zomangamanga ndi kupanga malamulo aang'ono a m'tauni. Mtsogoleri wa dziko mwina simudzamuona ndi maso zaka zisanu zonse, koma khansala mudzakumana naye pamaliro, ndipo mungathe kumufunsa pomwepo chifukwa chimene ngalande ya pafupi ndi sukulu sinakonzedwe.

Mpando umenewu unakhalapo wopanda munthu kwa nthawi yaitali. Titabwerera ku ndale za zipani zambiri m'chaka cha 1994, chisankho choyamba cha makhansala chinachitika mu Novembala 2000, ndipo anthu amene anapita kukavota anali pafupifupi 14 okha pa 100 alionse olembetsa. Nthawi ya makhansala amenewo itatha m'chaka cha 2005, dziko linakhala zaka zisanu ndi zinayi popanda khansala ndi mmodzi yemwe, kufikira chisankho chapatatu cha pa 20 Meyi 2014. Zaka zonsezo misonkho ya m'misika inali kutoleredwa ndithu, koma panalibe munthu wosankhidwa m'wodi woti afunse kumene ndalamazo zikupita. Akuluakulu amene muli pano mukukumbukira.

Tsono woyenera kulembetsa m'kaundula wa voti ndani? Yankho lili m'gawo 77 la malamulo aakulu oyendetsera dziko lino, ndipo lili ndi mfundo zitatu. Yoyamba, munthu akhale nzika ya Malawi, kapena ngati si nzika, akhale kuti wakhazikika m'dziko muno zaka zisanu ndi ziwiri. Yachiwiri ndi ya msinkhu, zaka 18. Pa kalembera wokonzekera chisankho cha pa 16 Sepitembala 2025, bungwe loyendetsa zisankho la MEC linalembanso achinyamata amene anali asanakwane zakazo patsiku lolembetsa, malinga ngati akanazikwanitsa pofika tsiku lovota. Makolo, izi muzidziwe, chifukwa ana ambiri a ku sekondale amatsala pakhomo poganiza kuti nthawi yawo sinakwane.

Mfundo yachitatu ndiyo ndikufuna ndikhalepo pang'ono, pakuti ndiyo imasokoneza anthu a m'tauni. Lamulo limalola munthu kulembetsa m'dera limene amakhala, kapena limene anabadwira, kapena limene amagwirako ntchito, kapenanso limene amachitirako malonda. Makomo ndi anayi, koma munthu amalowera khomo limodzi lokha. Taganizirani za bambo amene amagona kumudzi kunja kwa malire a tauni, koma tsiku lililonse amapalasa njinga kudzagulitsa nsalu pamsika wa m'tauni. Iyeyu ali ndi ufulu wolembetsa kumudzi kwawo, alinso ndi ufulu wolembetsa pafupi ndi msika. Akalembetsa kumudzi, voti yake ipita kwa khansala wa khonsolo ya boma, amene alibe mawu pa za msika umene bamboyo amapezerako chakudya. Akalembetsa m'tauni, adzasankha nawo munthu amene adzakambe za chiphaso cha pamsika, koma sadzakhala ndi voti pa za mjigo ndi mlatho wa kwawo. Zonse ziwiri n'zololedwa, ndipo palibe mfumu, wapampando wa chipani kapena bwana wa pantchito amene angakusankhireni. Chimene ndikupempha n'chakuti musankhe mukudziwa chimene mukuchita, osati kungolowa pasukulu imene mwaona mzere waufupi.

Choletsedwa ndi kulembetsa malo awiri. Choletsedwanso ndi kunama kuti mumakhala m'wodi imene simukhalamo, simunabadwiremo, simugwiramo ntchito ndipo mulibemo malonda. Wina akabwera ndi lole kudzakutengani kuti mukalembetse m'wodi ya eni ake n'cholinga chomuchulukitsira mavoti, dziwani kuti dzina limene lidzalembedwe pa mlanduwo ndi lanu. M'wodi ya m'tauni yaing'ono anthu ovota sachuluka, choncho lole imodzi yodzaza ndi alendo ingathe kulanda eni dera ufulu wawo wonse.

Umboni umene alembi a kaundula amafuna ndi chiphaso cha unzika chochokera ku bungwe la NRB. Kale anthu ankabwera ndi kalata ya amfumu kapena mboni, koma lamulo latsopano la zisankho la 2023, limene linaphatikiza pamodzi malamulo a chisankho cha mtsogoleri wa dziko, aphungu ndi makhansala, linaika chiphasochi kukhala khomo lolowera. Kwa ine apa ndi pamene anthu osauka amagwera kawirikawiri. Munthu ali ndi ufulu wonse wovota, koma chiphaso chinanyowa panyanja, chinatayika pa kusefukira kwa madzi, kapena anachisiya chikole kwa wokongoza ndalama. Nkhani ya chiphaso musaidikirire mpaka kalembera atayamba. Ndipo wina akakupemphani chiphaso chanu kapena chitupa chanu chovotera ponena kuti akufuna akulembeni pa mndandanda wa thandizo, kaya wa feteleza kaya wa ngongole, musamusiyire kuti apite nacho.

Anthu amene lamulo limawakaniza kulembetsa ndi ochepa kwambiri: amene agamulidwa motsata lamulo kuti mutu wawo sugwira bwino ntchito, amene ali pa chilango cha imfa, ndi amene bwalo la milandu lawapeza olakwa pophwanya malamulo a chisankho. Omalizawa chiletso chawo chimakhudza chisankho chimenecho chokha, osati moyo wonse. Onani zimene palibe pa mndandandawu. Kusadziwa kulemba ndi kuwerenga palibepo. Kukhala pa lendi m'nyumba ya eni palibepo. Ngongole ya msonkho wa khonsolo palibepo. Mayi safunika chilolezo cha mwamuna wake, ndipo munthu wolumala kapena wosaona ali ndi ufulu wofanana ndi wina aliyense.

Za abale athu amene ali ku Joni ndinene mwachidule. Malawi alibe dongosolo lovotera kunja kwa dziko, ndipo palibe amene angavotere mnzake. Wofuna kuvota ayenera kubwera yekha kudzalembetsa, n'kudzapezekanso yekha patsiku lovota. Asodzi amene mumasamuka ndi nyengo kutsata nsomba, nanunso ganizirani kumene mudzakhale tsikulo, chifukwa munthu amavotera pamalo pamene analembetsa. Bungwe la MEC limatsegula nthawi yoona maina m'kaundula ndiponso yosamutsa dzina kwa amene asintha malo okhala. Nthawi imeneyi imakhala ya masiku owerengeka. Pitani mukaone ngati dzina lanu ndi chithunzi chanu zili bwino. Safunsa anadya phula: malire a madera anadulidwanso, mawodi anachoka pa 462 kufika pa 509 pa chisankho cha 2025, ndipo madera a aphungu anachoka pa 193 kufika pa 229, choncho wodi imene munkaidziwa kale mwina si imene muli lero.

Tibwere kwa ofuna mpando. Wopikisana pa ukhansala ayenera kukhala nzika ya zaka 21 kapena kuposerapo, wolembetsa m'kaundula, ndiponso wotha kulankhula ndi kuwerenga Chingerezi mokwanira kutenga nawo mbali pa zokambirana za khonsolo. Angathe kuimira chipani kapena kuima payekha. Amapereka zikalata zosainidwa ndi anthu olembetsa a m'wodi mwake pamodzi ndi ndalama imene bungwe la MEC laika, ndipo amayi, achinyamata ndi olumala amalipira yocheperako. Wogwira ntchito m'boma sangapikisane akadali pantchito. Mfundo ya Chingereziyi ena amaidandaula, ndipo ndimawamvetsa, pakuti tili ndi anthu anzeru m'misika mwathu amene sukulu sanapite nayo patali. Komabe bajeti ya khonsolo ndi malipoti a ndalama zimabwera m'Chingerezi, ndipo khansala wosatha kuziwerenga amangokweza dzanja pa zimene ena alemba.

Nthawi yokopa anthu ndi masiku 60, ndipo imatsekedwa kutatsala maola 48 kuti kuvota kuyambe. M'nthawi imeneyi aliyense wopikisana ali ndi ufulu wochititsa msonkhano m'wodi monse, ndipo palibe mtsogoleri wa dera amene angatseke mudzi kapena bwalo kuti ndi la chipani chimodzi. Lamulo la zipani za ndale la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi katundu pofuna kukopa mavoti. Tonse tikudziwa kuti mchitidwewu sunathe. Koma werengani nokha: sopo ndi shuga zimatha sabata isanathe, pamene munthu amene wagula mpando amakhala nawo zaka zisanu, ndipo ndalama zimene anamwaza amafuna azibweze penapake. M'tauni yaing'ono, penapake pamenepo ndi pamsika panu ndi pa mapuloti a m'dera lanu.

Patsiku lovota, malo amatsegulidwa 6 koloko m'mawa. Kale ankatseka 6 koloko madzulo, koma tsopano amatseka 4 koloko masana, kuti kuwerenga kuyambe kusanade. Amene ali kale pamzere nthawiyo ikakwana amaloledwa kuvota. Mukafika, ogwira ntchito amayang'ana dzina lanu m'kaundula, amakupakani inki pachala, n'kukupatsani mapepala. Pa pepala la khansala pali dzina, chithunzi ndi chizindikiro cha aliyense wopikisana. Chongani m'kabokosi ka munthu mmodzi yekha. Mukachonga awiri, kapena mukalembapo dzina lanu kaya mawu ena okuzindikiritsani, voti yanu yawonongeka. Simukukakamizidwa kuvotera chipani chimodzi pa mapepala onse atatu, pakuti pepala lililonse lili ndi bokosi lake ndipo limawerengedwa palokha. Okalamba, amayi oyembekezera, odwala ndi olumala amatsogozedwa pamzere, ndipo wofunika thandizo pochonga angathe kubwera ndi munthu amene iye mwini amamukhulupirira. Zovala za chipani zitsale kunyumba. M'chipinda chovotera muli nokha, ndipo palibe makina kapena munthu amene adzadziwe amene mwamusankha, ngakhale wina atakuopsezani motani.

Kuvota kukatha, mabokosi amatsegulidwa pamalo pomwepo, pamaso pa oimira zipani, oimira oima paokha, ndi oyang'anira ochokera m'mabungwe. Mavoti amawerengedwa poyera, zotsatira zimalembedwa pa chikalata, oimira opikisana amasaina n'kulandira chikalata chawo, ndipo china chimamatidwa pamalopo kuti aliyense aone. Inu amene mudzatumidwe kukayang'anira, ntchito yanu yeniyeni imayamba pamene ena akupita kwawo. Mavoti a khansala kawirikawiri amawerengedwa anthu atatopa, usiku utalowa, njala itavuta. Musachoke musanaone nambala yomaliza, ndipo musasaine chikalata chopanda manambala kapena chofufutidwa popanda kulongosola. Tikukumbukira kuti pa 3 Febuluwale 2020 bwalo la milandu linathetsa zotsatira za chisankho cha mtsogoleri wa dziko cha 2019, ndipo zikalata zofufutidwa ndi Tippex zinali pakati pa umboni umene oweruza anauona. Ngati mwaona cholakwika, lembani dandaulo lanu nthawi yomweyo n'kulipereka kwa mkulu woyang'anira malowo. Dandaulo limapita ku bungwe la MEC, ndipo wosakhutira ndi chigamulo chake angathe kukasuma ku bwalo lalikulu la milandu. Kudandaula pakamwa pokha mawa lake, muli pagolosale, sikulowa m'buku lililonse.

Pa mpando wa mtsogoleri wa dziko, wopambana ayenera kupeza mavoti opitirira theka la mavoti onse. Pa ukhansala sizili choncho. Amene waposa anzake, ngakhale ndi voti imodzi, ndiye wapambana, ndipo opikisana akakhala asanu ndi mmodzi kapena asanu ndi awiri, munthu angathe kutenga wodi ndi gawo lochepa la mavoti. Lamulo limapatsa bungwe la MEC masiku asanu ndi atatu olengezera zotsatira za mtsogoleri wa dziko, 14 za aphungu ndi 21 za makhansala, choncho musadabwe zanu zikamachedwa kutuluka.

Meya wa tauni simumusankha inu mwachindunji. Amasankhidwa pamsonkhano wa khonsolo kuchokera mwa makhansala amene mwawatumiza. M'khonsolomo mumakhalanso aphungu a m'deralo. Mumakhalanso mafumu aakulu ndi oimira magulu apadera, amene amalankhula koma savota. Khansala akamwalira kapena akatula pansi udindo nthawi yake isanathe, bungwe la MEC limachititsa chisankho chapadera m'wodi imeneyo yokha, ndipo malamulo onse amene tafotokozawa amagwira ntchito chimodzimodzi. Zisankho zoterezi sizimveka kwambiri pawailesi, choncho tsiku lake muzilifunsa ku ofesi ya khonsolo kapena kwa ogwira ntchito a MEC a m'boma lanu.